Khadi ndi kashi: mmene ndimagawira malipiro kuno ku Joni kuti afike kumapeto a mwezi

Ndimagwira ntchito pa kauntala m'kashopu kogulitsa chipisi, nkhuku yootcha ndi zakumwa ku Fordsburg. Chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi pamalopo. Kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ntchito yanga ndi kulandira ndalama za anthu, ndiye ndimaona mmene dzanja la munthu limachitira pa nthawi yolipira. Wobwera ndi R50 m'manja amayamba wayang'ana mitengo pakhoma, kuwerengera chamumtima, kenako nkufunsa kuti, "Chipisi chaching'ono ndi zingati?" Chenji amachiwerenga ine ndikuona. Wobwera ndi khadi pakhoma sayang'anapo. Ndikamufunsa ngati ndimuikirenso chakumwa, kawirikawiri amangogwedeza mutu, kugunditsa khadi pa makina, tii, uyo wapita. Lisiti ambiri amalisiya pompo.

Zimenezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma sindinkazindikira kuti nanenso ndikatuluka pakhomo la shopuyo ndimakhala ngati kasitomala wachiwiriyu.

Poyamba abwana ankatilipira mu envulopu. Mu 2022 anayamba kutiponyera malipiro ku akaunti, ndipo ndinakondwa chifukwa kuyenda ndi malipiro onse m'thumba kudutsa pa siteji ya matakisi ya Bree madzulo sichinthu chabwino. Koma patangopita miyezi ingapo, ndalama zinayamba kutha mwezi uli pa 20. Malipiro anali omwewo, lendi yomweyo. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mayi anga anaimba foni kuchokera ku Balaka kuti feteleza wakwera ndipo mvula yayandikira. Nditatsegula foni kuti ndione zomwe zatsala, ndinapeza R312. Usiku umenewo amayi akunyumba anandifunsa modekha kuti, "Bambo, mowa simumwa, kuberedwa simunaberedwe, nanga ndalama zikulowera kuti?" Ndinalibe yankho, ndipo zinandipweteka kwambiri kuti ana anga awiri ali m'manja mwa mayi okalamba omwe ndalephera kuwathandiza pa nthawi yodzala.

Zomwe ndalemba pansipa ndi zomwe tinayamba kuchita kuyambira sabata imeneyo. Manambala ndi a pakhomo pathu ku Rosettenville. Inu muikepo anu.

Choyamba, werengani sitetimenti ya mwezi wathawu ndi cholembera m'manja

Musayambe ndi bajeti. Bajeti yolemba musanadziwe komwe ndalama zikutayikira imakhala maloto chabe. Tengani sitetimenti ya mwezi umodzi wathunthu, kaya pa apu ya banki kaya yosindikiza, mukhale pansi ndi pepala. Ine ndinaika zizindikiro zitatu. Mtanda pa zinthu zosathawika monga lendi, magetsi ndi ndalama zotumiza kumudzi. Kamzere pa chakudya chenicheni cha pakhomo. Kadontho pa chilichonse chomwe sindinachikonzekere potuluka m'nyumba m'mawa.

Timadonthoto tinakwana 63, ndipo titaphatikiza tinapeza R2,140. Panalibe chinthu chachikulu ngakhale chimodzi. Payi ndi chakumwa pa galaja yothirira mafuta, R38. Bandulo ya intaneti ya tsiku limodzi, R15, mwina kawiri pa tsiku. Chokoleti pa thilu. Chaja ya foni yomwe sinathe ndi sabata ziwiri zomwe. Zambiri mwa izo sindinkazikumbukira nkomwe. Akanakhala kuti wina anandifunsa ndisanawerenge, ndikanalumbira kuti tizinthu totere timandidyera R500 basi.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Ndalama ya m'manja ikamachoka imapweteka. Umaiona, umaigwira, umaona chikwama chikupepuka, ngati mmene mayi amaonera ufa ukutsika mu ndowa nkuyamba kuchepetsa chipande. Khadi likalipira limabwerera m'thumba lili chimodzimodzi, kaya walipira R12 kaya R1,200. Anzathu kuno kugunditsa khadi pa makina amati tap. Kwathu kutapa ndi kuchotsako m'dengu kapena m'nkhokwe, ndipo nzomwedi zimachitika, kungoti nkhokwe yake simuiona ikamatsika.

Si ife tokha. Akatswiri awiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Drazen Prelec ndi Duncan Simester, anafalitsa kafukufuku mu 2001 momwe ophunzira ankapikisana kugula matikiti a masewero a timu ya Boston Celtics. Ena anauzidwa kuti adzalipira ndi kashi, ena ndi khadi la ngongole. A khadiwo anali okonzeka kulipira pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo womwe a kashi anatchula, tikiti yake yomweyomweyo. Ambirife makhadi athu si a ngongole, ndalama zake ndi zathu zomwe, koma zomwe ndimaona pa kauntala zimandiuza kuti matenda ake ndi amodzi.

Tsiku la malipiro, khadi ligwire ntchito yake yonse

Sindikunena kuti mutaye khadi. Pali zinthu zomwe khadi limachita bwino kuposa kashi, ndipo ndi zinthu zazikulu zomwe mtengo wake mumaudziwa kale. Ine malipiro akalowa, dzuwa lisanalowe kawiri ndimakhala nditachita izi: lendi R2,200 kupita ku akaunti ya eni nyumba, magetsi R350, kumudzi R1,500, chipereganyu R500, ndipo R800 ndimaisamutsira ku kathumba kosungira komwe sikalumikizana ndi khadi. Mabanki ambiri kuno ali ndi timathumba totere mkati mwa akaunti yomweyo, ndipo tina mutha kutitsekera mpaka tsiku lomwe mwasankha.

Lendi musamalipire pamanja ngati pali njira ina. Mnzanga wina ku Turffontein anakangana ndi mwini nyumba pa lendi ya miyezi iwiri yomwe analipira kashi popanda lisiti, ndipo analibe chosonyeza. Ndalama yodutsa ku banki imasiya phazi.

Za kumudzi nazo zizipita tsiku lomwelo, kaya mumatumiza pa Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, zikafikire pa Airtel Money kapena Mpamba. Kale ndinkati ndidikire kaye ndione mmene mwezi uyendere, ndidzatumiza zotsala. Zotsala sizinkapezeka. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela kudzagwira ntchito ku migodi, ndipo ankatiuza kuti gawo la malipiro awo sankalilandira kuno, linkasungidwa nkukalilandirira kumudzi kontirakiti ikatha. Moyo wa ku migodi unali wowawa ndipo sindikuulakalaka, koma malata a nyumba yomwe ndinabadwiramo anagulidwa ndi ndalama yomwe agogo sanaigwire m'manja ali ku Joni. Kutumiza ndi kusunga pa tsiku loyamba ndi kudzichitira wekha zomwezo, mwa kufuna kwako.

Tapani kashi ya sabata imodzi, osati ya mwezi

Zikachoka zazikuluzo, zotsala ndi za moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi nzomwe ziyenera kukhala za m'manja. Ife timatapa R650 pa sabata. Tinayesapo kutapa za mwezi wonse kamodzi, koma sabata yoyamba tinadya ngati alendo, yachinayi nkumagona ndi tiyi. Sabata ndi mtunda womwe maso amatha kuona mathero ake.

Tapirani pa thilu m'masitolo monga Shoprite, Boxer kapena Pick n Pay pomwe mukugula china chake. Mabanki ambiri amadula zochepa mukatapira pa thilu kusiyana ndi pa ATM, ndipo ATM ya banki yomwe si yanu imadula zambiri kuposa apo. Onani mndandanda wa mitengo ya banki yanu, umasintha chaka ndi chaka. Ubwino wina wa pa thilu ndi woti muli mkati mwa sitolo, ndipo mutha kupempha wogulitsayo kuti akupatseni ndalama zing'onozing'ono. Ine ndimapempha ma R20 ndi ma R10 ambiri chifukwa cha takisi, minibasi za kuno. Aliyense amene anakhalapo pampando wakutsogolo m'mawa, nkumawerengera anthu chenji, akudziwa mmene R200 imasokonezera galimoto yonse.

Sankhani tsiku limodzi losasinthasintha. Ife timatapa Lamulungu tikuchokera ku tchalitchi. Lachisanu tinalikana dala, chifukwa ndalama yotapa Lachisanu madzulo imakumana ndi Loweruka ikadali yonenepa.

Tikafika kunyumba timaigawa m'maenvulopu anayi olembedwa pamwamba. Ya takisi R220, chifukwa ndimakwera kuchokera ku Rosettenville kufika m'tauni, kwinako ndimayenda wapansi kudutsa ku Newtown mpaka ku ntchito, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ya ndiwo ndi buledi R300. Ya mayunitsi a foni R50. Yachinayi, R80, timailemba kuti "zanga", ndipo imeneyi musaichotse ngakhale mutafuna kusunga kwambiri. Munthu amene wadzimana chilichonse amapirira sabata ziwiri, yachitatu amakagula zinthu za R600 tsiku limodzi chifukwa cha kutopa. R80 imeneyi ndikafuna payi ndimagula payi, mtima uli m'malo, palibe wondifunsa. Amayi akunyumba nawo ali ndi yawo yochokera pa maganyu awo ochapa.

Envulopu ya takisi siibwerekedwa. Lamulo limeneli ndi lolimba kuposa ena onse, chifukwa wopanda ya takisi sapita ku ntchito, ndipo wosapita ku ntchito amadulidwa tsiku.

Kumbukiraninso kuti si mwezi uliwonse womwe uli ndi masabata anayi okha. Pali miyezi ina yomwe pakati pa malipiro awiri pamagwa Malamulungu asanu. Yang'anani kalendala tsiku la malipiro, muwerenge kuti mutapa kangati, musiye ndalama yake mu akaunti. Mwezi woyamba wotere unatipeza osakonzeka ndipo tinakhudza zosunga.

Potuluka m'mawa, tengani za tsiku limenelo zokha

Pano ndi pomwe malangizo ambiri olembedwa ndi anthu a kutali amasiyana ndi moyo wa kuno. Johannesburg si malo oyenda ndi chikwama chotupa. Ndinalandidwapo foni ndi R400 pafupi ndi siteji ya matakisi m'tauni nthawi ya 6 koloko madzulo, anthu akuona. Choncho maenvulopu amakhala kunyumba, pamalo odziwa ife awiri, ndipo si pansi pa matiresi pomwe wakuba aliyense amayambira. M'mawa ndimatenga ya takisi yopita ndi yobwerera, ndi R20 kapena R30 ya zomwe ndatumidwa. Ya takisi yobwerera ndimaiika thumba lina. Amayi akunyumba amamanga yawo pansonga ya chitenje mkati mwa chikwama ngati mmene amachitira amayi ku msika wa ku Balaka, ndipo mfundo imeneyo payokha imathandiza, chifukwa pomwe ukumasula umakhala utadzifunsa kale ngati chinthucho ukuchifunadi.

Khadi limatsala kunyumba masiku a ntchito. Sabata zoyamba ndinkamva ngati ndayenda wopanda nsapato. Ndinkadutsa pa galaja paja, fungo la payi likundikoka, nkugwira m'thumba, nkupeza R18 yokha ya takisi. Ndinkangopitirira. Patatha mwezi ndinasiya ndi kuyang'anako komwe.

Mudzafunsa kuti nanga patagwa zadzidzidzi? Ine ndimasunga R200 imodzi yopindapinda kuseri kwa kachikopa ka pasipoti kapena mkati mwa sokosi. Ndalama za kuno zili ndi nkhope ya Mandela kutsogolo ndi nyama kumbuyo: chipembere pa R10, njovu pa R20, mkango pa R50, njati pa R100, nyalugwe pa R200. Kunyumba timati nyalugwe saswedwa. Ndipo nzoona kuti munthu amaumira kuswa ndalama yaikulu. Priya Raghubir ndi Joydeep Srivastava anaonetsa zimenezi mu kafukufuku wawo wa 2009: ophunzira omwe anapatsidwa dola imodzi ya makobidi anayi ankagula maswiti mosavuta kuposa omwe anapatsidwa dola yomweyo ya pepala limodzi. Inunso mukudziwa kuti R100 ikangosweka, ma R10 ake amabalalika ngati anapiye. Ndiye za dzidzidzi zikhale pepala limodzi lalikulu, zogwiritsa ntchito zikhale zing'onozing'ono zowerengeka bwino.

Golosale ya mwezi: khadi, koma ndi pepala

Ufa wa 12.5 kg, mpunga, mafuta ophikira, shuga, sopo, nyemba, nkhuku za mufiriji, izi timagula kamodzi pa mwezi ndipo timalipira ndi khadi, chifukwa kuyenda ndi R1,400 m'thumba tsiku la malipiro nkudziitanira mavuto. Koma malo amenewa ndi omwe khadi limapweteka kwambiri anthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sitolo yaikulu inakonzedwa ndi anthu odziwa ntchito yawo, ndipo si mwangozi kuti maswiti, tchokoleti ndi zakumwa zozizira zili pomwe mumaima pamzere mutatopa.

Timalemba mndandanda kunyumba titayang'ana m'kabati. Pamwamba pa pepala timalemba malire, R1,400. M'sitolo mmodzi amakankha ngolo, wina amaphatikiza mitengo pa foni chinthu chilichonse chikamalowa. Tikafika pa R1,400 tisanamalize, china chimabwerera pa shelefu. Sitipita ndi njala. Ndipo ndisanachoke kunyumba ndimasiya mu akaunti ya khadi ndalama yokhayo ya golosale, zina zonse zili ku kathumba kaja, kuti ngakhale mtima utagonja, makina akane.

Kanthu kena kothandiza kudziwa: zakudya zofunika monga ufa wa chimanga, mpunga, nyemba zouma, mazira, mkaka, buledi wa bulauni, masamba ndi zipatso sizikhala ndi msonkho wa VAT wa 15 peresenti. Mabisiketi, zakumwa ndi zokometsera pakamwa zimakhala nawo. Mukayang'ana lisiti lanu mudzaona kuti zomwe mwagula mosakonzekera ndi zomwenso mwalipirira msonkho.

Tomato, anyezi, repu ndi kabichi sitigula m'sitolo yaikulu. Timagula kwa amayi a pamsewu ndi ndalama ya mu envulopu, pomwe umatha kunenerera ndi kupatsidwa basela.

Limangeni khadilo miyendo

Pali zinthu zinayi zomwe mungachite pa foni madzulo amodzi. Tsekani zolipira pongogunditsa. Mabanki ambiri amalola kugula zinthu zosapitirira R500 popanda kulemba nambala yachinsinsi, ndipo ambiri amalolanso kuti muzimitse zimenezi pa apu. Kulowetsa khadi ndi kudina manambala kumatenga kamphindi kochepa, koma kamphindi kameneko nkomwe mutu umadzuka. Zimathandizanso khadi likabedwa. Tsitsani malire a ndalama zomwe khadi lingatulutse pa tsiku; anga ali pa R300, ndimawakweza tsiku la golosale ndi tsiku lotapa kashi basi. Yatsani mauthenga oti muzidziwitsidwa ndalama ikangochoka, ndipo muziwerenga nambala ya zotsala, osangoti foni yalira. Pomaliza, fufutani khadi lanu m'maapu oitanitsira chakudya, ogulira zinthu ndi a juga ya mpira. Kumeneko ndalama imachoka popanda ndi khadi lomwe kutuluka m'thumba. Ndaona anyamata a kwathu akumaliza malipiro a sabata pa kubetcha ali chigonere pabedi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo sakanatha kupereka ndalama yomweyo pamanja, pepala ndi pepala.

Mayunitsi a foni ndimagula ndi kashi pa spaza (kagolosale ka m'makwalala), bandulo ya sabata kamodzi. Kugula pa apu ya banki nkosavuta kwambiri, ndipo kusavutako nkomwe kunkandidyera R400 pa mwezi.

Mukamayang'ana sitetimenti, yang'ananinso ndalama zomwe zimadulidwa zokha mwezi ndi mwezi. Ine ndinapeza R99 ya inshuwalansi ina yomwe ndinavomera pa foni osamvetsa bwino. Ndinaimitsa.

Pa ATM, ngati mwakakamizika kutapirapo, musalole munthu aliyense kukuthandizani, ngakhale atavala bwino chotani kapena akulankhula Chichewa. Akuba amasinthanitsa khadi m'kuphethira kwa diso, inu nkutsala ndi la wina, iwo ataona kale nambala yanu.

Makhadi a masitolo a zovala ndi za kugula lero nkulipira mawa

Khadi la banki limabisa ululu wa kulipira. Khadi la ngongole limausamutsira mwezi wina, nkuwonjezerapo chiwongoladzanja. Amene ali ndi zitupa zokwanira amaitanidwa kawirikawiri kuti atsegule akaunti m'masitolo a zovala ndi mipando, makamaka Black Friday, tsiku lomwe masitolo amatsitsa mitengo, ikayandikira mu Novembala, ife tili kalikiliki kugula katundu wopita naye kumudzi pa Khirisimasi. Wogulitsa amakuuzani ya pa mwezi yokha, R189, chifukwa imamveka yochepa. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la 2005, limati musanasaine akupatseni pepala losonyeza mtengo wonse: chiwongoladzanja, ndalama yotsegulira, ya mwezi ndi mwezi yoyendetsera akaunti, ndi inshuwalansi ngati ilipo. Pemphani pepala limenelo, mupite nalo kunyumba, mugone kaye. Nambala yoti muiyang'ane ndi ya pansi penipeni.

Ine ndimakonda lay-by, yomwe imapezeka m'masitolo monga Pep ndi Ackermans. Umasankha katundu, kulipirako pang'ono, iwo nkukusungira mpaka utamaliza. Palibe chiwongoladzanja, ndipo katundu umamutenga utamva kale ululu wake wonse. Nsapato za sukulu ndi zovala za ana timayamba kulipira mu Seputembala, pofika nthawi yokweza katundu pa basi zimakhala zathu.

Za mashonisa, amene kwathu timati katapila, ndingonena chimodzi: lamulo lomwelo limaletsa wobwereketsa ndalama kusunga khadi lanu la banki, nambala yachinsinsi kapena chitupa chanu ngati chikole. Amene wapereka khadi lake kwa katapila malipiro ake salinso ake.

Kwa abale omwe mumalandira pamanja

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife, a m'magaladeni, a m'nyumba za mabwana, a pa zomangamanga, mulibe akaunti, ndipo mumalandira kashi pa tsiku kapena pa sabata. Musaganize kuti mwapulumuka. Kashi nayo ili ndi mabowo ake. Siisiya mbiri, ndiye mwezi ukatha simungathe kukhala pansi nkuwerenga ngati mmene ndinachitira ine. Ma R5 ndi ma R2 amasowa osadziwika. Mnzako akaona kuti walandira amabwera ndi vuto lake, ndipo kukana uli nayo m'thumba nkovuta kwa ife amene tinaleredwa kuti mlendo sabwerera chimanjamanja. Komanso chipinda chikathyoledwa kapena moto ukabuka m'mashaki, za chaka chonse zimapita usiku umodzi.

Kwa inu ntchito ndi yotembenuza: ndalama zazikulu zichoke m'manja msanga. Tsiku lolandira, musanafike kunyumba, tumizani za kumudzi. Perekani za chipereganyu kapena za banki m'khonde. Makampani ena otumiza ndalama, monga Mukuru, amaperekanso makhadi omwe mungasungireko ndalama. Funsani zomwe amafuna polembetsa ndi zomwe amadula pa mwezi musanavomere. Khadi loterolo likhale nkhokwe, osati chikwama. Zotsalazo mugawe m'maenvulopu monga ndafotokozera. Ndipo gulani kope la R10, madzulo aliwonse mulembe zomwe zatuluka, ngakhale R2 ya switi. Amayi akunyumba amalemba kope lotere kuyambira Januwale 2024, ndipo ndi lomwe linationetsa kuti buledi ndi mkaka wa pa spaza yapafupi zinkatidyera zambiri kuposa nyama.

Makobidi onse obwera nawo madzulo timaponya m'botolo la malita awiri lomwe tinaliboola pakamwa. Disembala watha munatuluka R730, yomwe inalipira katundu wathu pa basi.

Njira ina yomwe imandibwezera ululu ndikagwira khadi

Nthawi zina khadi silithawika. Zikatero ndimasintha mtengo kukhala maola. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuno anali R28.79 pa ola mu Malichi 2025. Kwa munthu wolandira zimenezo, payi ndi chakumwa za R45 ndi ola limodzi ndi theka ali chiimire kapena akukolopa. Nsapato za R900 ndi masiku anayi. Werengerani ola lanu kamodzi, mulisunge m'mutu. Pena ndimawerengeranso za kumudzi: ndalama iyi ikafika ku Balaka ingagule ndowa zingati za chimanga? Sikuti munthu asadye chokoma chifukwa kwawo kuli njala, ayi, tinabwera kudzagwira ntchito komanso ndife anthu. Koma ndimafuna ndikamagula ndizidziwa chomwe ndasinthanitsa.

Envulopu ikatha Lachinayi

Zidzachitika, makamaka mwezi woyamba. Ya ndiwo idzatha sabata isanathe, mwina kunabwera alendo, mwina tomato wakwera. Musathamangire ku khadi, chifukwa mukatero kamodzi maenvulopu aja asanduka mapepala wamba. Yang'anani kaye m'kabati. Nyemba, soya, usipa womwe munatumiziridwa, mazira awiri, zimafikitsa Lamulungu. Ngati sizikutheka, bwerekani ku envulopu ya "zanga", kenako ya foni, osati ya takisi. Lembani pa envulopupo tsiku lomwe yatha ndi chifukwa chake.

Ikatha msanga masabata atatu otsatizana, vuto si inu, nambalayo ndi yomwe yachepa. Ife tinayamba ndi R250 ya ndiwo, tinaona kuti sikukwana, tinakweza kufika R300 nkuchotsa R200 pa golosale ya mwezi. Ikatsala, yotsalayo isalowe m'sabata yotsatira, iponyeni m'botolo.

Lamulungu lililonse tisanagawe ndalama zatsopano, timakhala pabedi ndi kope, maenvulopu ndi foni kwa mphindi khumi. Timaona zomwe zatsala mu akaunti, timawerenga Malamulungu omwe atsala kuti malipiro alowe, ndipo ngati kwabwera uthenga wa kumudzi wopempha thandizo timaukambirana pamenepo, osati pa foni munthu ali yekha ku ntchito. Novembala wapitayu mayi ataimba za feteleza, mu kathumba kosungira munali R7,900. Ndinatumiza ya matumba awiri madzulo omwewo, ndipo yotsala inakwana matikiti athu a basi yochokera ku Park Station.